Mpata wa Chala M'chipinda cha Abiti Nassoro

Davide anafika kwa Mponda m'chaka cha 1989, nkhondo ya ku Mozambique ili pachimake. Pamutu anasenza lona labuluu lomwe analandira atangodutsa pa Chiponde, m'thumba la jekete munali chizulo chimodzi chosemera matabwa, ndipo m'mbuyo mwake munkatsatira mkazi wake Lusia atanyamula poto wopanda chivundikiro. Zina zonse zinatsala ku Lichinga: macheka, mahamala, benchi logwirirapo ntchito, ndi dzina lake lomwe. Kumeneko ankadziwika kuti ndi mmisiri woyala matabwa pansi m'nyumba zomwe anamanga Apwitikizi. Kuno anangokhala "othawa nkhondo aja a kuseri kwa Che Amidu".

Che Amidu anali wogulitsa usipa ndi utaka wouma, munthu woseka ndi mimba yonse, wolonjeza msanga komanso woiwala msanga. Ndiwo anawapeza awiriwa atakhala pamthunzi wa golosale kumsika, n'kuwatenga kukawapatsa kanyumba kaudzu kuseri kwa nyumba yawo yamalata. Koma aliyense kwa Mponda ankadziwa kuti malowo sanali a Che Amidu. Iwo anangobwera kudzakwatira. Dothi, mitengo ya mango, mpanda ndi mawu omaliza, zonsezo zinali za akazi awo, Abiti Nassoro, amene anabadwira pomwepo monganso amayi awo.

Patatha chaka, Abiti anaitanira alendo awo pakhonde.

"Alendo, musandimve molakwika," anatero akusisita bondo. "Farida wanga akumanga ndowa, ukwati wathu wa Chisilamu, mvula ikatha. Mkamwini akabwera azigona kuti? Mumtengo wa mango? Kanyumbako ndikafuna. Kukampu ya othawa nkhondo akuti malo alipo."

Davide ankaidziwa kampu. Ankapitako kamodzi pamwezi ndi khadi lake kukalandira ufa ndi nandolo, ndipo ankabwerako mtima uli pansi. Kunalibe thabwa ngakhale limodzi loti munthu alipale. Kuseri kwa mpanda wa Abiti kunali kadothi kongokhala, pakati pa mtengo wa mango ndi bango, kokwanira nyumba yaing'ono ndi benchi la mmisiri. Kadothi kameneko ankakayang'ana m'mawa uliwonse, koma sankayerekeza kukapempha.

Amene anamutsegula maso ndi Lusia. "Wawamva Abiti mmene amabuulira akamadzuka pomaliza kuswali? Simenti ya m'chipinda mwawo imazizira ngati mwala wa m'madzi. Kasanu patsiku, maondo pansi. Iwe umati ndiwe mmisiri, ukungoyang'ana mango."

Mwamuna wachilendo sangapite kwa mayi wa pakhomo kukakamba za chipinda chawo chogona. Choncho Davide anadzera kwa Che Amidu, Che Amidu anakafikitsa nkhani yoyala matabwa pansi, ndipo yankho linamveka mpaka kuseri popanda wolinyamula.

"Matabwa pansi? Kodi ndasanduka mbuzi kuti ndizikhala pakhola la mitengo?" Kenako mawu a Abiti anatsika. "Ayese. Maondo anga akakondwa, tikambirana za kadothi kaja amakayang'ana ngati sindikuona. Akapanda kukondwa, njira ya kukampu akuidziwa."

Vuto linali mtengo. Mlombwa umene unalipo unali chitseko chakale chimodzi ndi matabwa anayi otsala pa bwato lomwe Che Amidu anayamba kukhoma zaka zapitazo n'kulisiya. Sukanakwana ngakhale theka la chipinda. Davide anayenda mozungulira muluwo masiku awiri, kenako anapempha kuti lole yopita ndi usipa ku Limbe izibwerako ndi mabokosi a tiyi opanda kanthu, ndi chitini cha guluu. Anabwereka macheka kwa wokhoma mabwato, n'kuyamba kucheka mlombwa uja m'tizidutswa topyapyala ngati chikhatho cha khanda. Kachidutswa kalikonse ankakamata pamwamba pa timatabwa tiwiri ta mabokosi aja, kenako n'kutsindika ndi miyala ya pamtondo.

Che Amidu ankakhala pambali akudya mtedza. "Ndiye pamwamba mlombwa, pansi bokosi la tiyi? Akazi anga akadziwa kuti akuswali pa bokosi, tonse awiri tikagona kukampu."

"Bokosilo ndiye mphamvu yake, bwana," Davide anayankha. "Onani, mizere ya mtengo wapamwambawu ikupita uku, ya wapansiwu yapingasa. Wina akafuna kupindika, mnzake amamukaniza. Thabwa la mlombwa wokhawokha, kuno kunyanja kwa chinyontho, lingapindike ngati nthochi."

Thabwa lililonse analisema kalilime mbali imodzi ndi kangalande mbali inayo, kuti lizilowa mwa linzake. Atamaliza sanayale. Anawaunjika m'chipinda cha Abiti, timitengo pakati pake, n'kuwasiya sabata yathunthu. Abiti anafunsa kudzera mwa amuna awo ngati matabwawo akudwala. Davide anati ayi, akuzolowera mpweya wa m'chipindamo, poti thabwa loyalidwa lisanazolowere limadzasintha maganizo lili kale pansi.

"Ndiye tikhoma liti misomali?" anafunsa Che Amidu, hamala ili kale m'manja.

"Sitikhoma. Njira zilipo zitatu, bwana. Kukhoma ndi misomali kumafuna kuti pansi pakhale mitanda ya mitengo, koma apa ndi simenti, msomali ungopindika. Kumata ndi phula ndi mmene tinkachitira kwathu, koma simenti yanuyi imatuluka thukuta nthawi ya mvula, phula lisiya. Yatsala njira yachitatu. Matabwa agwirane okhaokha, onse akhale ngati mphasa imodzi yaikulu, osamangidwa pansi, osamangidwa kukhoma."

"Sathawa?"

"Athawira kuti, chitseko chili chotseka?"

Che Amidu anaseka mpaka kutsamwa mtedza.

Pansi pa matabwa panafunika chotchinga chinyontho, ndipo chinalipo chimodzi chokha. Davide anakwera padenga la kanyumba kawo n'kutsitsa lona labuluu lija, lomwe ankatchingira pamene udzu unatha. Lusia anaima manja m'chiuno. "Mvula ikabwera ndidzafunda iweyo," anatero. Lona linayalidwa pa simenti yosesedwa bwino, pamwamba pake masaka akale kuti pafewe. Davide anayambira kukhoma lalitali, kupaka guluu m'kangalande, kulowetsa kalilime, kugogoda ndi kachidutswa ka mtengo kuti hamala isavulaze mlombwa. Mfundo za matabwa sanazilole kukhala pamzere umodzi, anazisemphanitsa ngati njerwa. Ndipo kuzungulira chipinda chonse, pakati pa matabwa ndi khoma, anasiya mpata woti n'kulowa chala.

"Apa mwaperewera, a Davide," anatero Che Amidu akuloza.

"Ayi bwana, ndasiya dala. Pano ndi Okutobala, mtengo wauma gwa. Mvula ikagwa umwa chinyontho, ufufuma, ufuna pothawira. Mpatawu ndi wake. Chonde muwauze mayi, asautseke ndi china chilichonse. Mukandipezera timatabwa tinayi tatitali, ndidzakhoma kukhoma m'munsimu kuti mpata ubisike koma ukhalepobe."

"Ndiwauza lero lomwe. Timatabwato mawa, Inshallah."

Atapala, kukwecha ndi mchenga wosefa, ndi kupaka mafuta, pansi paja panawala mofiirira, mizere ya mlombwa ikuyenda ngati madzi a Shire. Abiti analowa opanda nsapato, anayenda uku ndi uko, anagwada, anadzuka. Sanabuule. Davide, ataima panja pa khomo, anamva kusabuulako bwinobwino.

"Tione kaye mvula," anatero Abiti. "Denga la nyumba ino nalonso linali labwino mu Okutobala."

Kuyambira tsiku limenelo Davide sanapondenso m'chipindamo, poti ntchito itatha chinabwerera kukhala chipinda cha eni ake. Timatabwa ta Che Amidu tinakhala ta mawa, mawa lake osafika. Tsiku lina Davide atabwera kolandira ufa, anapeza Lusia akutsuka m'manja mwamphamvu, m'zikhadabo muli zotuwa. Atafunsa, Lusia anangoti amathandiza Abiti kantchito ka azimayi. Iye sanafunsenso.

Mvula inayamba mu Disembala, ndipo sabata yachitatu inagwa masiku anayi osapuma. M'kanyumba ka kuseri munali mapoto ndi mabeseni paliponse, Lusia akusuntha mphasa uku akutchula lona lake ngati m'bale amene anamwalira. Lachisanu masana kunacha pang'ono. Amuna anapita kumzikiti, Davide anakwera padenga kusoka udzu. Ali pomwepo anamva chiphokoso m'nyumba yaikulu, phuu! ngati ng'oma yaphulika, kenako mawu a Abiti.

"Subuhanallah! Lusia! Farida! Pansi padzuka!"

Davide anatsetsereka padenga, nathamangira kuzenera la chipinda, lomwe linali ndi zitsulo zopingasa. Mkati, Abiti anali atakwera pabedi, tasibihi, mikanda yawo yopempherera, ili m'manja. Pafupi ndi chitseko matabwa anali atatukuka ngati msana wa mvuu, mpaka kufika m'bondo. Chitseko chinkatsegukira mkati, ndipo tsopano chinkangogunda phirilo n'kubwerera. Abiti anali atatsekeredwa m'chipinda chawo chomwe.

Nthawi yomweyo amuna anali akutuluka kumzikiti, ndipo njira yawo inkadutsa pampanda. Posakhalitsa pabwalo panadzaza makofia oyera.

"Ndinanena ine," anatero mkulu wina. "Mtengo ndi wa m'madzi ndi padenga. Pansi ndi pa dothi."

"Kapena pansipo pali chiswe chachikulu?"

"Chiswe chanji chodzuka nthawi imodzi? Achimwene a ku Mozambique awa atchera bomba."

Anthu anaseka. Davide sanaseke. Che Amidu anafika akupuma mwamphamvu, mkanjo wawo wa kanzu ataukwinya m'manja, ndipo atasuzumira anafuula kuti wina abweretse nkhwangwa. Chitseko ndi chatsopano, anatero, sichiswedwa. Apereke nkhwangwa pazenera, Abiti aphwanye phirilo.

"Ndiphwanya ndithu," anatero Abiti ali pabedi. "Ndipo alendo, mawa kukacha mumange katundu. Ndinapempha pogwada, mwandipatsa chulu."

Davide anagwira zitsulo za zenera. Miyezi iwiri ya kucheka ndi kumata, lona lake, kadothi ka kuseri, zonse zinali pansi pa nkhwangwa imodzi. Anayang'ana phirilo. Mfundo sizinalekane, mlombwa sunasiyane ndi bokosi. Matabwa anali amoyo, anangosowa kopita. Anatsitsa maso m'munsi mwa khoma, pamene anasiya mpata wa chala. Mpata panalibe. Kuzungulira chipinda chonse kunali mzere wotuwa, wosalala bwino, wozira ndi dzanja la munthu wodziwa kuzira.

Anatembenuka kuyang'ana Lusia. Lusia anayamba kuyang'ana nkhuku.

Tsopano akanatani? Kunena pamaso pa amuna onse a mumzikiti kuti mwini malo ndiye walakwitsa, kunali kumanga katundu lero lomwe osadikira mawa. Anayandikira pazenera n'kutsitsa mawu.

"Mayi, nkhwangwa idikire pang'ono. Ndifunse nawo. M'munsi mwa khomamo muli chiyani?"

"Simenti," anayankha Abiti mosabisa, mokweza. "Munasiya ntchito yosatha. Mpata ponseponse, zinkhanira zizilowa, mphemvu zizibereka, alendo a ndowa adzati Abiti Nassoro amakhala m'nyumba yong'ambika. Panali simenti wotsala pakhonde, tinasakaniza ndi mchenga ine ndi akazi anu omwe, tinakumalizirani. Simunathokoze n'komwe."

"Mwazira bwino kwambiri, mayi. Palibe mmisiri angapose pamenepo. Kungoti mpata uja unali wa mtengo, wofufumira mvula ikagwa. Paja ndinapereka uthenga..."

Sanamalize. Anangoyang'ana pansi. Abiti anatembenuza mutu pang'onopang'ono mpaka maso awo anapeza amuna awo pakati pa gulu.

"Che Amidu. Munapatsidwa uthenga wanga?"

"Abiti, mukudziwa inu, nthawi imeneyo usipa unali wambiri..."

"Munapatsidwa?"

"Ndimati ndikuuzani pobweretsa timatabwa."

"Timatabwa tanji?"

Apa gulu lonse linaphulika. Mkulu uja wonena za dothi anachita kukhala pansi. Wina anakuwa kuti nkhwangwa yafika, koma aipereke kwa Abiti pokhapokha Che Amidu atayamba kuthawa.

Davide anatulutsa chizulo chake m'thumba, chija anachoka nacho ku Lichinga, chimene sanabwerekepo munthu chiyambire. Anachipereka pakati pa zitsulo ndi manja awiri, pamodzi ndi hamala.

"Mayi, ine sindingalowe, inu simungatuluke. Mmisiri wa lero ndinu. Muyambire kukhoma la kuzenera kuno. Chizulo chiime chopendekera kukhoma, osati kuthabwa. Pang'onopang'ono."

Abiti anayang'ana chizulo, anayang'ana anthu. Kenako anamanga chitenje mwamphamvu, natsika pabedi. "Inu nonse mulibe kwanu? Mwaswali kale, pitani mukadye!" Palibe anasuntha. Abiti anagwada pamatabwa n'kuyamba kugogoda.

Ntchitoyo inatenga maola awiri. Simenti wake anali wamchenga wambiri, ankachoka m'zidutswa zazitali ngati chinangwa chouma. Davide ankalozera ali pazenera. "Apo mwasiya kachidutswa, mayi. Kumanzere. Eya, pomwepo." Abiti ankayankha osadzutsa mutu. "Ndakuona kale, usandiphunzitse kuona." Lusia ankalandira zidutswa pazenera ndi lichero, akunong'oneza mwamuna wake kuti iye akanakana bwanji, mwini nyumba atamuitana, komanso kunena zoona mpata uja unkaonekadi ngati ulesi. Che Amidu anayesa kupereka malangizo kamodzi kokha. Anauzidwa kuti malangizo awo awasunge pamodzi ndi uthenga uja.

Atamaliza khoma lachiwiri, matabwa analira, kwee, ngati ngolo. Phiri linatsika pang'ono.

"Tsopano mukhalepo, mayi," anatero Davide.

"Ndikhale pati?"

"Pamwamba pake. Pakatikati."

Abiti Nassoro sanali munthu wochepa thupi. Anakwera phirilo chokwawa, anatembenuka, nakhala mwaulemu wonse ngati ali pampando wa ukwati. Matabwa anapuma mpweya wautali, fuuu, fumbi likutuluka m'mbali, ndipo anatsika nawo pang'onopang'ono mpaka anagona pansi, phwathalala, mfundo iliyonse pamalo pake. Pabwalo anthu anaomba m'manja, azimayi a kuseri kwa mpanda akululutira. Farida anakankha chitseko, chinatseguka osakhudza kanthu.

Abiti sanatuluke msanga. Anakhalabe pansi, akusisita mlombwa ndi chikhatho. Kenako anagwira bondo lawo, lina, n'kuchita tsinya ngati munthu amene wataya chinthu.

"Maola awiri ndili chogwada," anatero. "Pa simenti paja bwenzi mutandinyamula pamachira."

Anadzuka osagwira khoma, natuluka panja chizulo chili m'manja. Gulu linapatuka. Anadutsa amuna awo osawayang'ana, anazungulira nyumba, anadutsa kanyumba kodontha kaja, mpaka kuseri kwa mpanda. Davide ndi Lusia ankatsatira chapatali. Pamtengo wa mango Abiti anawerama, nalemba mzere padothi lonyowa ndi chizulo, kuchoka pamtengo mpaka pabango, kukhota, kubwerera.

"Apa mpaka apo. Mango ndi anga, musawawerengere. Udzu mukamweta kudambo kwa achimwene anga, ndiwauza ndekha, sindituma munthu." Anaponya diso kwa Che Amidu, amene anali atafika akumwetulira mwamanyazi. "Ndipo mpata uja sindifuna kuuona ndi maso. Zinkhanira sizinamve zoti ndi wa mtengo."

"Pakufunika timatabwa tinayi basi, mayi. Tokhomera kukhoma, osakhudza pansi."

"Che Amidu, thandala lanu loyanikira usipa lija lili ndi matabwa angati?"

"Abiti, limene lija ndi la ntchito..."

"Angati?"

"Asanu ndi limodzi."

"Atsala awiri." Anapukuta chizulo ndi nsonga ya chitenje, nachibweza ndi manja awiri monga anachilandirira. "Mwamva, a fundi? Mawa m'mawa. Mukatha apo mukaone chipinda cha Farida. Koma ulendo uno chilichonse chofunika kudziwa mudzandiuze ine, pamaso. Awa muziwauza za usipa."

Davide analandira chizulo. Chifikireni m'dziko lino palibe anamutchulapo fundi, dzina laulemu la mmisiri. Anangowerama, akuomba m'manja pang'onopang'ono. Lusia ndiye anali atayamba kale kuyenda m'kati mwa mzere uja, akuyeza ndi mapazi pamene padzakhale khomo, ndipo asanafike kubango anatembenuka.

"Pamabokosi a tiyi paja panatsala angati? Inenso maondo ndili nawo."